Mlenje Wodziŵa Njala ya Gwape

Ku North America, mwezi wa Seputembala ukafika, usana umakhala ukufupika, usiku kumazizira, ndipo masamba a mitengo amafiira asanayoyoke. Imeneyi ndiyo nyengo yomwe alenje a kumeneko amakhwekhweretsa mauta ndi mfuti zao kupita kunkhalango, kukasaka gwape wa mchira woyera kunsi, amene eni dziko amamutcha white-tailed deer. Ife tikati tiganizire za ulenje umenewu, funso lotivuta si la kupha ai, koma la kudziŵa: kodi munthu akadziŵa njala ya cholengedwa chinzake, nzeru imeneyo imamuloleza kuchita zotani?

Tiyambe taona tsiku la gwapeyo. Iye amabzikula monga mbuzi, pakuti mimba yake ili ndi zigawo zinai. Tsono safunika kukhalitsa poyera. Amadya mofulumira m'bandakucha ndi chisisira, kenaka nkukagona m'ziyangoyango, kumene amabzikula pang'onopang'ono zimene anameza. Masana amadzuka mwa apo ndi apo kubudula masamba a pafupi, koma sapita patali. Pogona amakonda kufulatira mphepo, kuti mphuno imuuze za kumbuyo pamene maso akuyang'ana kutsogolo. Pakati pa chogona chake ndi malo odyera pamakhala mkwaso, ndipo amaupondaponda tsiku ndi tsiku.

Chakudya chake chimasintha ndi nyengo. Kumayambiriro kwa Seputembala amatulukira m'minda ya soya ndi m'msipu wa alfalfa, koma masamba a soya akangoyamba kuchita chikasu amaisiya mindayo. Nthaŵi yomweyo mitengo ya oak imayamba kugwetsa njere zake, ndipo gwape amathamangira kumeneko, makamaka ku mtundu wa white oak, umene njere zake siziŵaŵa kwambiri monga za red oak. Akudzikundikira mafuta chisanu chisanafike. Amphongo nawo amakhala atangosupula khungu lofeŵa limene linakuta nyanga zao, pakuti agwape aŵa amaphuka nyanga zatsopano chaka ndi chaka, ndipo amakhala akuyendabe m'timagulu. Mu Novembala, nyengo yokwerana ikafika, adzayamba kuyendayenda osapuma, osasamala ngakhale za kudya. Koma m'masabata oyambawa, mimba ndiyo imalamula mapazi.

Mlenje wodziŵa zonsezi sathamangitsa nyama. Amakwera mumtengo pambali pa mkwaso, kumene mphepo siingatengere fungo lake kwa gwape, nakhala chete maola angapo. Tivomereze kuti m'nzeru imeneyi muli chinthu cholemekezeka. Munthu ameneyu anadzuka usiku, anaŵerenga mapazi ndi ndoŵe, anazindikira mtengo umene wayamba kugwetsa njere. Ndi ochepa amene amamudziŵa gwape koposa iye. Komabe nzeru yonseyi mapeto ake ndi amodzi: kukumana ndi nyamayo pamalo pamene njala yaifikitsa.

Kuti munthu aphe nyama nadya, chikumbumtima chathu sichitsutsa. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika wa 1992 amaphunzitsa kuti nkololedwa kugwiritsa ntchito nyama pa chakudya ndi chovala, koma kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumachotsa ulemu wa munthu mwini wake. Mbiri ya dziko la United States imaonetsa mbali zonse ziŵiri. Pofika cha m'ma 1900, osaka nyama yogulitsa anali atatsala pang'ono kuwatha agwape aŵa, kotero kuti anatsala pafupifupi theka la miliyoni. Malamulo anabwera, monga la 1937 lokhometsa msonkho pa mfuti ndi zipolopolo kuti ndalama zake zisamalire nyama zakutchire, ndipo lero agwapewo alipo pafupifupi 30 miliyoni. M'madera ambiri mimbulu imene inkawadya inatha kale. Popanda alenje, agwape amachuluka mpaka kudya timitengo tonse tongomera kumene. Choncho kusaka pakokha kuli ndi malo ake.

Vuto lagona pena. Pali mlenje amene amaphunzira njira ya gwape, ndipo pali wina amene amamulembera gwape njira. Wachiŵiriyu amathira chimanga pamalo amodzi, mwina ndi makina omwaza chakudya pa ola lomwelomwelo tsiku lililonse, namangirira kamera pamtengo yotumiza zithunzi ku foni yake ali gone kunyumba. Gwape amazoloŵera, amasiya njere za kunkhalango, nabwera kudzadya pa dzanja limene lidzamuphe. Alenje eni ake akhala akukangana za zotere kwa zaka zambiri. Bungwe la Boone and Crockett Club, limene Theodore Roosevelt ndi anzake anayambitsa mu 1887, linalimbikira mfundo yakuti nyama iyenera kukhala ndi mpata weniweni wopulumukira. Zigawo zina za dzikolo zimaletsa nyambo ya chakudya, zina zimalola. Chigawo cha Arizona chinaletsa makamera otere pa ulenje kuyambira mu 2022. Palinso chifukwa cha umoyo: agwape akamadyera pamulu umodzi amapatsirana matenda mosavuta, monga nthenda yoononga ubongo yotchedwa chronic wasting disease, imene inaoneka koyamba ku Colorado mu 1967.

Koma tisafulumire kuweruza, pakuti wina angatifunse moona: kodi nyambo siichepetsa ululu? Gwape woima phee pafupi amalasidwa pamtima nafera pomwepo, pamene wolasidwa ali patali angathe kuthaŵa ndi bala nakafera kutchire patapita masiku. Nanga bambo wosauka, wofuna ndiwo za ana ake, amene alibe sabata yathunthu yokhala mumtengo, timuuze kuti chiyani? Ndiponso malire ake ali pati, popeza ena sathira chimanga koma amalimira dala kamunda ka msipu m'kati mwa nkhalango? Mafunso ameneŵa ndi olemera, ndipo kwa bambo wosaukayo ife sitiponya mwala. Kwa gwapenso imfa ndi imfa, kaya yamupeza pa chimanga kaya pa njere za oak.

Chimene chimasintha ndi munthuyo. Wophunzira mkwaso amakhala wophunzira mpaka tsiku lomaliza: mphepo ingatembenuke, njere zingayambe kugwa kutsidya lina la phiri, iye nkubwerera chimanjamanja, ndipo amavomera kuti nkhalango siyake. Wothira nyambo wachotsa mwai wolephera, ndipo pamodzi nawo wachotsa chimene chinkamukumbutsa kuti nyamayo ili ndi moyo wakewake. Wasandutsa chifundo chooneka ndi maso kukhala msampha. Mtima umenewu tonse timaudziŵa, ngakhale ife amene sitinagwirepo uta. Ndi womwe uja wa munthu wa katapila, amene amadziŵa bwino mwezi umene nkhokwe ya mnzake imapita pansi, nafika pakhomo ndi nkhope yachisoni. Nayenso anaphunzira njala ya mnzake mwakhama. Tikuona ngati munthu amene ali nako kothekera kudikira, koma nasankha nyambo chifukwa chofuna nyanga zokapachika pakhoma, ayenera kudzifunsa kuti chizoloŵezi chimenechi chikumuumba kukhala wotani.

Gwape nayenso sapusa. Akamva fungo la munthu pamkwaso wake kaŵiri kapena katatu, amasintha: amachedwa kudzuka, natuluka mdima utagwa. Apa lamulo limaima kumbali yake, pakuti m'zigawo zambiri kusaka kumatha patapita theka la ola dzuŵa litaloŵa, ndipo kuthobwa nyama m'maso ndi nyali kuti uiombere ndi mlandu. Zimachitika tsono kuti mlenje wakhala mumtengo kuyambira masana, miyendo yachita dzanzi, kuŵala kwatha, ndipo pamenepo mpamene amamva masamba ouma akuchita tswatswa. Mphongo imene waitsata mwezi wathunthu yafika, ikukukuta njere pansi pa mtengo womwewo. Palibe mlonda wa nyama pafupi, ndipo tochi ili m'thumba. Iye amachotsa muvi pauta, nadikira mumdimamo mpaka nyamayo itakhuta nkuchoka, kuti potsika asaidzidzimutse.