Kodi Nyimbo ndi ya Yani?

Tsiku lina madzulo, pocokera ku nchito, ndinapeza mwana wa mlongo wanga ali khale pakhonde kwathu kuno ku Kafue, alikupenyetsetsa lamya yace monga mlimi apenya mitambo m'mwezi wa November. Mnyamatayu anatsiriza sukulu, nchito ya mu ofesi sanaipeze, koma ali ndi mau okoma ndiponso gitala. Nyimbo zace anaziika yekha pa intaneti, wopanda kampani yomgwira dzanja. Iye anati kwa ine, “Amalume, anthu alikumvera nyimbo zanga, koma ndalama sindiziona. Anzanga ati ndisadandaule, pakuti woimba weniweni saimbira ndalama. Kodi anena zoona?”

Funso ili liyenera kulingaliridwa bwino, cifukwa anzacewo sananame konsekonse. Kale kumudzi nyimbo ya pamtondo kapena ya pamaliro inalibe mwini. Inali ya onse monga madzi a pacitsime. Komabe makolo athu sanali kulola woimba ng'oma apite cimanjamanja: anali kumsupa ndi mkanda, nkhuku kapena cipanda ca mowa. Woimba ndi omvera anali kuonana maso ndi maso, cotero manyazi okha anali kusunga cilungamo. Koma makina atabwera, nyimbo inayamba kuyenda yokha kumene mwini wace sanapondeko, ndipo wodya phindu lace anakhala munthu wina.

Taonani za Solomon Linda. M'caka ca 1939 iye anajambula nyimbo yace yochedwa “Mbube” ku Johannesburg, nagulitsa umwini wace ndi masheleni owerengeka. Nyimboyo inaoloka nyanja, nisinthidwa ku America, nilemeretsa anthu ambiri, koma Linda anafa wosauka mu 1962. Ana ace anayamba kulandira gawo loyenera mu 2006, mlandu utakambidwa. Kuno kwathu, Emmanuel “Jagari” Chanda wa gulu la WITCH, amene anagwedeza dziko lino m'zaka za m'ma 1970, anafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze cakudya, kufikira nyimbo za gululo zinasindikizidwanso ku America mu 2012. Woimba akakana kuwerenga zace, ndalamazo sizisungunuka ai. Zingolowa m'thumba la wina.

Nanga ndalama za pa intaneti ziyenda bwanji? Titenge Spotify, imene inafika m'Zambia mu 2021. Kampaniyi siika mtengo pa nyimbo monga aikira pa cinanazi pamsika. Mwezi ndi mwezi isonkhanitsa ndalama za olipira ndi za otsatsa malonda m'dziko liri lonse palokha, nipatula pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuti apite kwa eni nyimbo. Ziri ngati asodzi a pamtsinje wa Kafue okoka khoka limodzi: nsomba ziunjikidwa pamodzi, ndipo yense alandira monga mwa gawo lace. Nyimbo iwerengedwa ngati munthu waimvera masekondi 30, ndipo kuyambira mu 2024 nyimbo yosafika 1,000 m'miyezi 12 siilandira ndalama za kujambula. Popeza mulu wa ku London uposa wa kuno, womvera wa kumeneko abweretsa zambiri koposa womvera wa ku Chipata. Cifukwa cace nkwanzeru kufikira abale athu okhala kunja, osasiya a kwathu.

Cinthu cina cimene ambiri sacidziwa ndi ici: nyimbo imodzi iri ndi minda iwiri. Woyamba ndi wa iye amene anapeka mau ndi maimbidwe ace; waciwiri ndi wa mwini wa cojambulaco. Ndalama za cojambula zidzera mwa amkhalapakati monga DistroKid kapena CD Baby, amene apereka nyimbo ku Spotify, Boomplay ndi kwina. Ena alipiritsa pacaka, ena atapako gawo. Koma za wopeka zifuna kulembetsa kwina. Kuno kuli ZAMCOPS, bungwe losonkhanitsira opeka nyimbo ndalama zao, makamaka nyimbo zikamveka pa wailesi ndi m'malo a zisangalalo. Lamulo lathu la 1994 lisunga umwini wa wopeka moyo wace wonse ndi zaka 50 atamwalira. Mnyamata wanga uja anali kulima munda umodzi, wina ataulekera nyani. Safunsa anadya phula.

Cotero ndinamuyankha kuti kufuna mphotho ya nchito yako si umbombo. Umbombo uyambira pena. Masiku ano alipo anthu ogulitsa omvera abodza, ndiwo makina ongoliza nyimbo usana ndi usiku. Wacinyamata aganiza kuti alikunyenga kampani yolemera ya kutali. Koma kumbukirani khoka lija: muluwo ndi umodzi, ndipo wotapa ndi bodza atapa za woimba mnzace wa ku Matero kapena ku Katete. Kumeneko ndi kuba, ndipo akagwidwa nyimbo zace zingacotsedwe. Cimodzimodzi iye amene aiwala mnzace womuimbira ng'oma kapena womkonzera mau m'studiyo. Gawo la yense lilembedwe papepala nyimbo isanaturuke, pakuti ubwenzi usweka msanga ndalama zikafika zopanda pangano.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, masamu ndi Cingerezi cimene munaphunzira ndizo zida zanu. Musasaine pepala limene simunalimvetse, ngakhale wolibweretsa akuonetseni ndalama za lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, atero akulu. Koma wogulitsa munda wonse cifukwa ca fodya wa tsiku limodzi adzapempha mawa.

Sindinamlonjeze mnyamatayo kuti adzalemera, pakuti oimba ambiri apeza zambiri pa siteji koposa pa lamya. Ndinangomuuza kuti nyimbo ndi ya onse pakuimvera, koma ndi yace pakukolola. M'mawa mwace anatenga kope lace lakale la masamu, nayamba kulemba nyimbo zace zonse, ndi maina a onse amene anamthandiza pa iri yonse.