Thadzi likamatetera, tcherani khutu

Ana anga, mazira mumadya ndithu, owiritsa a m'basi ndi okazinga a pachiwaya, koma ndikakufunsani masiku amene nkhuku imafungatira mumangoyang'anana. Zimenezi zikundidetsa nkhawa. Nzeru yosamala thadzi ikukupulumukani m'manja, ndipo tsiku limene ndalama yogulira thireyi idzasowe mudzapeza kuti m'khola namonso muli zii.

Yambani ndi kumvetsera. Msoti wachikuda ukakwana miyezi 6 kapena 7 umayamba kutetera ndi kusuzumira m'makona. Musaupirikitse, ukufuna chisa. Upatseni dengu lakale, muyalemo udzu wouma, muike pamalo a kamdima pomwe galu safika. Mukaunyalanyaza ukaikira kutchire, ndipo odyerera adzakhala njoka ndi ng'azi.

Dziwani ntchito imene thadzi limagwira. Dzira limodzi limatenga maola 24 mpaka 26 kuti liumbike m'mimba mwake. Choyamba ndi chachikasu chija, choyera n'kuchikuta, kenako chigoba, ndipo chigoba chokhacho chimatha maola pafupifupi 20. Chigobacho ndi laimu. Laimuyo akasowa m'chakudya, thadzi limamutapa m'mafupa ake omwe. Choncho mukaona dzira lofewa, musathamangire kunena kuti mnansi wakulodzerani nkhuku. Sinjani zigoba za nkhono, mafupa ootcha kapena zigoba za mazira zouma, musakanize ndi madeya. Sinjani zisalale, chifukwa nkhuku ikazolowera kujompha chigoba chachikulu imayamba kudya mazira ake.

Thadzi limaikira ngakhale palibe tambala, koma dzira lotero silingaswe. Mazira ambiri a m'thireyi ndi a nkhuku zosaonana ndi tambala, ndiye musavutitse nawo thadzi masabata atatu pachabe. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10. Ndipo lekani khalidwe lopha tambala wathanzi pa Khirisimasi n'kusiya wonyentchera kuti ndiye mbewu.

Pa mazira ofungatiritsa ndi pamene mumalakwitsa kwambiri. Musawatsuke. Chigoba chili ndi timabowo masauzande topumira mwanapiye, ndipo thadzi poikira limachipaka kamadzi kouma msanga kamene kamatsekera tizilombo kunja. Mukatsuka mwachotsa chitetezocho. Lembani tsiku pa dzira lililonse ndi pensulo, ndipo lopitirira masiku 10 liphikeni, lisapite pachisa. Posunga, kosongoka kuloze pansi, popeza kobulungira kuli kathumba ka mpweya kamene mwanapiye amayamba kupumira asanaboole chigoba. Thadzi lachikuda lipatseni 10 kapena 12 basi. Mukaunjika 20 chifukwa cha dyera, mapiko sakwanira, a m'mbali amazizira, ndipo poti thadzi limawatembenuza tsiku ndi tsiku, kuzizirako kumawazungulira onse mpaka kusukusa.

Foni imene simuisiya m'manjayo igwireni nayo ntchito. Pakapita masiku 7 mpaka 10, usiku, unikani dzira lililonse ndi tochi yake. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira totambalala ngati ukonde wa kangaude. Lowala mbee mulibe kanthu, lichotseni lisanavunde n'kuphulikira anzake.

Masiku awa muwasunge pamtima: nkhuku 21, nkhanga 26 mpaka 28, bakha wathu wakumudzi 35, nkhunda 18 ndipo imaikira awiri okha. Nkhanga yoweta siikhazikika pachisa, n'chifukwa chake makolo anu ankapatsa nkhuku mazira ake. Koma musaike a nkhanga ndi a nkhuku tsiku limodzi. Thadzi likangoona anapiye ake limadzuka, a nkhangawo n'kuferamo kutatsala sabata. A nkhanga atsogole ndi masiku 7. Tsiku lokonkhomola likafika, manja anu akhale kutali. Mwanapiye ali ndi kadzino kunsonga ya mlomo koboolera chigoba, ndipo nthawi zina amatha tsiku lonse asanatuluke. Mukamusenda msanga mumadula timitsempha tija, amataya magazi n'kufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yang'aniraninso utitiri. Umayamwa thadzi usiku wonse mpaka limathawa mazira. Wazani phulusa m'chisa musanaikemo mazira, ndipo anapiye akatuluka otchani udzu wonsewo.

Nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija zotchedwa Black Australorp zimene zinafalikira kuchokera ku Chiradzulu, zimaikira ambiri kuposa zachikuda, ndipo za mazira zoweta m'nyumba zimafika 300 pachaka. Sindikukuletsani kuziweta. Koma za m'nyumbazo sizifungatira, ndiye musathe zachikuda zonse, chifukwa amene ali ndi thadzi lofungatira sagula anapiye.

Za kudya n'zachidule. Dzira lokayikitsa liponyeni m'madzi: labwino limamira, lakalekale limayandama. Phikani lipse, musamwe laliwisi. Wina akakuuzani kuti mayi woyembekezera akadya dzira abereka mwana wopanda tsitsi, m'yankheni mwaulemu koma mayiyo adye. Mwana wa miyezi 6 nayenso m'phwanyireni m'phala. Musagulitse onse kumsika ana anu akudyera nsima mchere.

Chotsala ndi chitopa, chimene chimasesa khola lonse m'masiku ochepa, makamaka nyengo yotentha. Chikalowa mankhwala palibe, tsabola ndi khonje sizichiza. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, miyezi 4 iliyonse, anapiye omwe. Funsani alangizi a ziweto akuuzeni tsiku, ndipo mugwirizane mudzi wonse kutemera pamodzi, popeza nkhuku za mnansi wanu zimatola chakudya pabwalo panu pomwepo.