Kodi Mwana wa ku Sekondale Aumbirenji Mbiya?



Lamulungu lina, Misa itatha, bambo wina adandikokera pambali pansi pa mtengo wa mango nandiuza dandaulo lake. Mwana wake wamwamuna, amene ali Fomu 3, adasankha phunziro la luso la manja, ndiye kuti kujambula, kupaka utoto ndi kuumba zadongo. Bamboyo adati: "Aphunzitsi, ine ndidagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a chimanga kuti mwanayu apeze fizi. Tsono ndizimuona akubwera kunyumba malaya ali dongo lokhalokha ngati wachokera kudambo? Mbiya amaumba ndi agogo ake amene sadapondeko pasukulu. Kodi ndalama zanga zikupita kumeneko?" Sindidawayankhe msanga, pakuti funso lawolo si lopepuka ayi, ndipo ndikhulupirira kuti makolo ambiri ali nalo mumtima. Nchifukwa chake ndati tiliganizire pamodzi pa tsamba lino.

Dandaulo la bambo lili ndi maziko

Tiyambe ndi kuvomera zoona. Munthu wosauka akatumiza mwana kusukulu sachita masewera. Iye wabzala mbeu yake yotsiriza, ndipo ayenera kufunsa za zokolola. Mulungu mwini adasenzetsa makolo udindo wa kulera ana ndi kuwakonzera tsogolo. Nzoonanso kuti si onse ophunzira kujambula amene adzadyera kujambula, ndipo amene angalonjeze bamboyo kuti mwana wake adzalemera ndi utoto akumunamiza. Koma kodi phindu la phunziro liyesedwa ndi ndalama zokha? Ana athu aphunzira mbiri ya dziko, koma si onse adzakhala olemba mabuku. Aphunzira katekisimu, koma si onse adzakhala ansembe kapena asisteri. Tiwaphunzitsa zimenezi chifukwa zimanga munthu. Tsono tione ngati pensulo ndi dongo nazonso zimanga munthu, ndi mmene zimmangira.

Pensulo iphunzitsa kuona

Mphunzitsi wa luso aika mtsuko patebulo nauza ana kuti aujambule. Pafupifupi mwana aliyense woyamba kumene ajambula kukamwa kwa mtsukowo kozungulira ngati mwezi wathunthu, chifukwa adziwa kuti kukamwa kwa mtsuko nkozungulira. Komatu ali pabenchi pamene wakhalapo, maso ake sakuona mwezi ayi. Akuona kanthu kophwatalala ngati nthanga ya dzungu. Mwanayo wajambula zimene zili m'mutu mwake, osati zimene zili patebulo. Chimodzimodzi pojambula nkhope ya munthu: woyamba kumene aika maso pamwamba, pafupi ndi tsitsi, chonsecho maso a munthu ali pafupifupi pakati penipeni pa mutu. Mphunzitsi sachita kumukalipira. Angomuuza kuti atambasule dzanja, atsinzine diso limodzi, ayese ndi pensulo utali ndi ufupi wa chinthucho, ndipo ayang'anenso kachiwiri ndi kachitatu. Pofika pa utoto phunziro lake ndi lomwelo. Mwana aganiza kuti masamba onse ndi obiriwira mofanana ndi kuti mthunzi uliwonse ndi wakuda, kufikira atayang'anitsitsa naona kuti mtengo umodzi wa mango uli ndi masamba ofiirira ongophuka kumene, obiriwira owala ndi obiriwira oderako. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kalasi imeneyi ndi sukulu ya kudekha kotero.

Nanga zimenezi zikhudzana bwanji ndi moyo wachikhristu? Taganizani, abale anga, za machimo amene abwera chifukwa chakuti sitiyang'ana mnzathu, koma chithunzi chake chimene tidajambula kale m'mutu mwathu. Gogo wokalamba ali ndi maso ofiira, ndipo mudzi wonse unong'onezana kuti ndi mfiti. Palibe amene aima nayang'anitsitsa kuti aone kuti masowo adafiira ndi utsi wa nkhuni za zaka makumi asanu ndi limodzi, pamene gogoyo ankaphikira ife tomwe. Tonse tamva za okalamba amene adapirikitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha maweruzo otere. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu sililetsa bodza la pabwalo la milandu lokha, koma liletsanso kuweruza mnzathu mopupuluma. Sindikunena kuti pensulo ipulumutsa mzimu. Chimenecho ndi ntchito ya chaulere cha Mulungu. Koma mnyamata amene adakhala maola awiri akujambula nkhope ya agogo ake, khwinya lililonse pamalo pake, waphunzira kufunsa kuti, "Kodi chimenechi ndachionadi, kapena ndangochiganiza?" Funso limeneli ndi chiyambi cha chilungamo.

Dongo silinamizidwa

Tsopano tibwere ku dongo lija lidadetsa malaya. Woumba ayamba ndi kuchotsa timiyala ndi timizu m'dongo, nalikanda nthawi yaitali kuti mpweya wonse utuluke ndi kuti lifewe mofanana. Atatha kuumba, asiya mbiyayo pamthunzi masiku angapo kuti iume pang'onopang'ono, pakuti akaiika padzuwa ichita ming'alu. Pambuyo pake ibwera nthawi ya moto. Ngati mkati mwa khoma la mbiya mwatsala chinyontho, madziwo asanduka nthunzi moto ukangopitirira madigiri 100, ndipo nthunziyo posowa potulukira iphulitsa mbiya, nthawi zina kuswanso ndi zinzake zoyandikana nayo. Koma mbiya youma bwino, moto ukaipitirizira madigiri 600, isandulika kwamuyaya: dongo lija limene likadasungunuka ndi mvula tsopano lisunga madzi.

Pa mayeso olemba mwana angathe kuonera kwa mnzake, mphunzitsi osazindikira. Koma moto sulandira chiphuphu. Mbiya youmbidwa mwaulesi ioneka bwino kunja monga zinzake zonse, kufikira tsiku la kuotcha, pamene chobisika chiululika. Kodi si momwemonso ndi mtima wa munthu amene abisa tchimo muulapi, kapena kalaliki amene abisa chinyengo m'mabuku a ndalama? Ana athu amva mau otere kuchokera kwa ife nthawi zambiri, koma pano awagwira ndi manja awo.

Palinso phunziro lina lowawa koposa. Nthawi zina mbiya isweka ngakhale woumbayo adasamala zonse. Mwana amene wagwira ntchito milungu itatu apeza mapale okhaokha m'phulusa. Achitenji? Oumba adziwa kuti phale silitayidwa: alisinja, nalisakaniza ndi dongo latsopano, ndipo mbiya yotsatirayo ipirira moto koposa yoyamba ija. Mwana wophunzira zimenezi sadzataya mtima msanga akadzalephera mayeso, munda ukadzakana, kapena akadzagwa m'tchimo. Mneneri Yeremiya, pa mutu 18, adatumidwa kunyumba ya woumba, naona mbiya itaonongeka m'manja mwa mwiniyo, ndipo woumbayo adaiumbanso kukhala ina monga adafunira. Mulungu adasankha fanizo limeneli pofuna kuuza anthu ake za mphamvu yake ndi kuti khomo la kutembenuka mtima likali lotsekula. Ndipo tikumbuke kuti dongo liumbika likali lonyowa, mmera mpoyamba.

Nanga za mafano?

Ena adzati: "Kodi lamulo loyamba sililetsa kupanga zithunzi ndi mafano?" Akatekisiti ayenera kudziwa yankho lake, pakuti funsoli limveka kawirikawiri. M'buku la Eksodo, pa mutu 31, Mulungu aitana mmisiri Bezalele nadzaza mtima wake ndi nzeru zosula golide, zosema miyala ndi matabwa, kuti akongoletse chihema chopatulika. Pa mutu wotsatira womwewo Aroni atenga golide napanga mwanawang'ombe, anthu namugwadira. Golide ndi mmodzi, manja ndi a munthu ponse pawiri. Chosiyana ndi mtima. Tchimo silili m'kupanga chithunzi, koma m'kuchipembedza.

Eklezia adaunika nkhani imeneyi kalekale. Cha m'ma 600, Papa Gregory Wamkulu adalembera episkopi wa ku Marseille amene adaphwanya zithunzi za m'tchalitchi, namuuza kuti adachita bwino kuletsa anthu kuzipembedza, koma adalakwa poziphwanya, pakuti zithunzi ziphunzitsa osadziwa kuwerenga monga mabuku aphunzitsa odziwa. M'chaka cha 787 Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Nicaea udagamula kuti zithunzi zoyera zipatsidwe ulemu, umene upita kwa iye wojambulidwayo, koma chipembedzo nchoyenera Mulungu yekha. Fra Angelico, wa chipani cha Dominiko Woyera, amene adamwalira mu 1455, adatumikira Mulungu ndi utoto moyo wake wonse, ndipo Papa John Paul II adamutcha Wodala mu 1982. Papa yemweyo mu 1999 adalembera kalata amisiri a luso a dziko lonse, kuwauza kuti Eklezia awafuna. Inu amene muyenda Njira ya Mtanda pa nyengo ya Lenti, kumbukani kuti zithunzi khumi ndi zinayi zija adazijambula munthu amene tsiku lina adali mwana wophunzira kugwira pensulo.

Manyazi athu ndi ntchito za manja

Ndiganiza kuti muzu weniweni wa dandaulo la bambo uja uli pa mau aja akuti, "Mbiya amaumba ndi agogo ake." Tidazolowera kuganiza kuti wophunzira ndiye wokhala mu ofesi, malaya oyera, ndi kuti dzanja lakuda ndi dothi nla munthu wolephera. Maganizo amenewa sachokera mu Uthenga Wabwino. Ambuye Yezu adakulira m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Paulo Woyera ankasoka mahema kuti asalemetse Akhristu. Ndipo buku la Genesis litiuza kuti munthu woyamba adaumbidwa ndi dothi. Tingachite bwanji manyazi ndi chinthu chimene tidachokerako ndi chimene tidzabwererako, monga atikumbutsa phulusa la Lachitatu la Phulusa?

Sachokeranso kwa makolo athu. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za pamiyala: zofiira za Akafula akale, ndi zoyera za Achewa, zina mwa izo zojambulidwa ndi amai pophunzitsa anamwali. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Makolo athu ankaphunzitsa ndi zithunzi kalata isanafike. Ku Mua, kumene Abambo Oyera adatsekula mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa malo a luso a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko asema Yezu ndi Amai Maria ndi nkhope za kwathu kuno, kotero kuti Mkhristu wa kumudzi aona ndi maso ake kuti Mwana wa Mulungu adadzera iyenso. Mwana wa kusekondale akagwira dongo sabwerera m'mbuyo ayi. Alandira cholowa cha agogo ake ndi kuchionjezera nzeru za kusukulu.

Tsono tichitenji?

Kwa inu ana ndinena izi: luso lisakhale pobisalira masamu ndi Chingerezi, pakuti amene akulipirirani fizi akhetsa thukuta. Luso lisakutukumuleni mtima, chifukwa ndi mphatso yolandira. Ndipo dzanja limene lingathe kujambula Mtanda lisajambule zonyansa kapena zonyoza mnzanu. Kwa inu akatekisiti: mukadziwa mwana waluso m'limana mwanu, mpatseni ntchito. Ajambule fanizo la Msamariya wachifundo la ana a Ukaristia woyamba, aumbe khola la Khirisimasi, aumbe mtsuko wa maluwa a paguwa. Kwa inu makolo: funsani za mayeso ndi za tsogolo, pakuti ndi udindo wanu, koma funsaninso kuti mwanayo akusanduka munthu wotani.

Bambo uja ndidawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asanaweruze apite akaone zimene mwana wawo waumba, ndi kuti atenge agogo ake a mwanayo apite nawo. Sindidawalonjeze kuti mbuzi zawo ziwiri zidzabwerera kudzera m'mbiya. Ndidangowauza kuti mwana amene aphunzira kuona chimene chilipodi, kugwira ntchito imene moto ungathe kuiyesa, ndi kuyambanso zinthu zikasweka, adzakhala namwino wabwino, mlimi wabwino kapena bambo wabwino wa banja, kulikonse kumene Mulungu adzamuike. Malaya adzachapidwa ndi sopo.

Ambuye, amene adatiumba ndi manja ake, adalitse manja a ana athu.