Gustav Stresemann: Wobweretsa Mtendere Kapena Tambwali?

Kuyambira 1923 mpaka imfa yake mu 1929, Gustav Stresemann anali nduna ya Germany yoona za ubale ndi mayiko ena. Analipeza dzikolo likusalidwa, koma pomwalira analisiya litakhala pa mpando wokhazikika m'khonsolo ya bungwe la League of Nations. Abusa ena opuma pa ntchito ndi anzawo, aphunzitsi a mbiri yakale, amasiyana maganizo pa njira zimene munthuyu anadzera.

ABUSA: Aphunzitsi, tiyambire pa kalata. Pa 7 Seputembala 1925, kutatsala mwezi umodzi kuti nthumwi zikumane ku Locarno, Stresemann analembera Wilhelm, mwana wa mfumu ya Germany imene inathawira ku Netherlands. Anamuuza zakukhosi: kuchepetsa chipukutamisozi cha nkhondo, kuteteza Ajeremani okhala m'mayiko ena, kulandanso Danzig ndi chigawo chimene chinapatsa Poland njira yofikira kunyanja, ndi kusuntha malire a Upper Silesia. Anati zonsezi zifunika kuchenjera. Kalatayo itatulukira poyera, mwini wake atagona kale m'manda, Afalansa ambiri anaona kuti anapusitsidwa. Munthu ameneyu ndiye analandira mphoto ya mtendere ya Nobel ya 1926 pamodzi ndi Aristide Briand wa ku France. Inu mukuti anali woona mtima?

APHUNZITSI: Abusa, musanagamule mlandu, onani kaye pamene anayambira. Pangano la Versailles la 1919 linalanda Germany madera ake onse a kutsidya kwa nyanja, kuphatikizapo Tanganyika, n'kuilamula kuti asilikali ake asapitirire 100,000. Mu 1921 ngongole ya chipukutamisozi inaikidwa pa mamaki agolide 132 biliyoni. Mu Januwale 1923 asilikali a France ndi Belgium analowa m'dera la migodi la Ruhr, boma la Germany n'kuuza antchito kuti anyanyale, n'kumasindikiza ndalama zowalipira. Pofika Novembala, dola imodzi inkagulidwa ndi mamaki 4.2 thiriliyoni. Amene analimba mtima n'kuthetsa kunyanyalako mu Seputembala, akudziwa kuti amutcha wogulitsa dziko, anali Stresemann. Ndipo kutchedwa choncho sikunali kwamasewera. Matthias Erzberger anamuwombera mu 1921, Walther Rathenau mu 1922, onsewo chifukwa chokambirana ndi adani akale. Kalata mukunenayo inkapita kwa munthu wolemekezeka pakati pa anthu odana ndi Locarno. Anayankhula naye m'mawu amene iye akanamva.

ABUSA: Ndiye kuti ananamiza mmodzi, kaya mwana wa mfumuyo kaya Briand. Sankhani nokha.

APHUNZITSI: Sananamize aliyense pa nkhani ya malire. Ku Locarno anavomera mwa kufuna kwake kuti Alsace ndi Lorraine ndi za France, ndiponso kuti ku Rhineland sikudzakhala asilikali a Germany. Pa malire a kum'mawa anakana poyera, aliyense akumva. Anasayina ndi Poland ndi Czechoslovakia mapangano oti mikangano izipita kwa amkhalapakati, basi. Kufuna kusintha Versailles sikunali chinsinsi chake. Pafupifupi zipani zonse za ku Germany zinkafuna zomwezo, ndipo Gawo 19 la malamulo a League of Nations linkalola kuunikanso mapangano. Chimene tiyenera kufunsa n'chakuti, ankafuna kusintha ndi mfuti kapena ndi pakamwa?

ABUSA: Pali chida china chimene simunachitchule: njala. Mu Juni 1925 Germany inatsekereza malasha a ku Upper Silesia amene ankalowa popanda msonkho, ndipo nkhondo ya zamalonda ndi Poland inayamba. Chaka chotsatira Stresemann analangiza kazembe wake ku London kuti za malire zisakambidwe mpaka chuma cha Poland chitagweratu, dzikolo litasowa pogwira. Taganizani za wokumba malasha ku Katowice amene ntchito inamuthera. Iyeyu sanasayine Versailles. Kudikira kuti ana a mnzako agone ndi njala kuti akugonjere, ine sindikutcha mtendere ayi. Ndipo Locarno inaphunzitsa Ulaya yense kuti malire alipo a mitundu iwiri: a kumadzulo, amene Britain ndi Italy analonjeza kuteteza, ndi a kum'mawa, amene anasiyidwa opanda mlonda. Ku Warsaw anamva bwino lomwe tanthauzo lake.

APHUNZITSI: Za malasha sindikanira kumbuyo. N'zonyansa, ndipo Stresemann, monga Ajeremani ambiri a nthawi yake, ankapeputsa Poland. Sanabadwe wofatsa, pa nkhondo ya 1914 anali mmodzi mwa ofuula kuti Germany ilande madera a eni. Koma mlonda wa kum'mawa anamukana ndi Austen Chamberlain wa ku Britain, amene ananena kuti dziko lake silingataye msilikali ngakhale mmodzi chifukwa cha kachigawo ka Poland kaja. Mlanduwo musausenzetse munthu mmodzi.

ABUSA: Chabwino, tipite ku Russia. Rathenau anasayina pangano ndi Russia ku Rapallo mu 1922, Stresemann n'kulilimbitsa ndi pangano la Berlin mu Epulo 1926, patangopita miyezi yochepa chisayinireni Locarno. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

APHUNZITSI: Iye sanavumbwe. Dziko lopanda zida lili pakati pa France ndi Soviet Union lingadane bwanji ndi mbali imodzi?

ABUSA: Lopanda zida? Ku Lipetsk, m'kati mwa Russia, Ajeremani ankaphunzira kuulutsa ndege zankhondo zimene Versailles inawaletsa. Pafupi ndi Kazan anatsegula sukulu ya akasinja. Mu Disembala 1926, mwezi womwewo mphoto ya Nobel inalengezedwa, Philipp Scheidemann anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kuulula mgwirizano wachinsinsi wa asilikali a mayiko awiriwa. Stresemann ankadziwa. Komabe anapitiriza kukakamiza kuti oyendera zida a mayiko opambana pa nkhondo achoke, ndipo anachokadi mu Januwale 1927. Ndiye pali Carl von Ossietzky, mkonzi wa magazini ya Die Weltbühne, imene mu 1929 inasindikiza nkhani ya ndege zachinsinsizo. Anamutsekera m'ndende. Woulula zoona ku ndende, wobisa ku maphwando a ku Geneva.

APHUNZITSI: Ossietzky anagamulidwa mu 1931, Stresemann atamwalira zaka ziwiri zapitazo. Gulu lankhondo limene Hans von Seeckt anamanga silinkamvera nduna wamba, ndipo mayiko opambana, amene analemba mu Versailles momwemo kuti kulanda Germany zida n'chiyambi cha kuchepetsa zida kwa onse, sanachepetse zawo. Koma onani zimene anapeza popanda kuwomba mfuti. Dongosolo la Dawes la 1924 linabweretsa ngongole ya mamaki agolide 800 miliyoni, yambiri yochokera ku America, ndipo Afalansa anatuluka mu Ruhr. Mu 1929 ku The Hague anagwirizana kuti asilikali akunja achoke ku Rhineland pofika Juni 1930, zaka zisanu nthawi yake isanakwane. Pa chisankho cha 1928 chipani cha Hitler chinapeza mavoti 2.6 pa 100 aliwonse. Mu 1930, Stresemann kulibe ndipo chuma cha dziko lonse lapansi chagwa, chinapeza oposa 18.

ABUSA: Sindikunena kuti anali Hitler. Ndikuti anamulambulira njira.

APHUNZITSI: Njira imeneyo Hitler anaikana. Anachita ndawala yotsutsa dongosolo la Young la chipukutamisozi limene Stresemann anakambirana, anatulutsa Germany mu League of Nations mu Okutobala 1933, n'kung'amba Locarno mu Malichi 1936 polowetsa asilikali ku Rhineland. Koma mvetserani ichi, abusa. Mu Januwale 1934 Hitler anasayina ndi Poland pangano losamenyana la zaka khumi. Ku Warsaw anapuma mpweya wabwino. Patapita zaka zisanu analithetsa, ndipo pa 1 Seputembala 1939 akasinja analowa. Wokoma pakamwa uja ndiye anali wabodza. Stresemann anakana kuika dzina lake pa malire amene mumtima mwake sanawavomere, ngakhale kuti kusayinako kukanam'pezera mbiri yabwino ku Paris ndi ku London. Inu amene mumalalikira kuti inde akhale inde, simukuona kusiyana?

ABUSA: Pa malire ndakumvani, ndipo mwandiposa. Anakana masana, anthu akuona. Koma ku Lipetsk inde wake sanali inde. Germany inali itasayina kuti sidzakhala ndi ndege zankhondo, ndipo iye ankatsimikizira Briand kuti nkhani ya zida yatha, akudziwa kuti anyamata akuuluka ku Russia. Ena mwa amene anaphunzira kumeneko anadzakhala akuluakulu a Luftwaffe, gulu la ndege zankhondo la Hitler limene linaphulitsa Warsaw. Pamenepo mwandiuza zochita za Seeckt ndi zolakwa za Afalansa, koma za Stresemann mwini simunandiyankhe.