Kodi Luso la Mmisiri ndi la Yani?

Luso lomanga nyumba limabweretsa funso la umunthu: kodi ndi chuma cha mmisiri yekha, kapena ndi mphatso yomwe wangosungira anthu onse? Ena amati munthu amene anavutika pophunzira ali ndi ufulu wobisa luso lake, poopa kuti wophunzirayo adzamulanda makasitomala.

Chipembedzo chimaona mosiyana. M'buku la Eksodo, Mulungu anapatsa Bezaleli nzeru zomangira chihema pamodzi ndi mtima wophunzitsa ena. Mwambo wa Amang'anja ukugwirizana nazo. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, akatha amamangidwanso ndi anthu ambiri motsogozedwa ndi mafumu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Ku Chikwawa ndi Nsanje funsoli limakhudza moyo weniweni. Madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anagwetsa nyumba zambiri. Mmisiri akamaonetsa mnyamata kukweza maziko, kukoka chingwe kuti khoma liwongoke, ndi kusakaniza bwino simenti ndi mchenga, amateteza mabanja omwe sadzawaona nkomwe.

Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limatolera ndalama kwa olemba ntchito kuti maphunziro a luso akhale udindo wa onse. Mmisiri ayenera kulandira malipiro oyenera thukuta lake, koma luso lenilenilo ndi ngongole: analilandira kwa ena, ndipo amabweza pophunzitsa achinyamata.