Nkhokwe ya Yosefe ndi Osauka a ku Kafue

Werengani Genesis 41:33-49 ndi Macitidwe 6:1-6.

Alipo ena pakati pathu amene anena kuti ndalama zimene Boma lipatsa nkhalamba, amasiye ndi opunduka zilera ulesi. Tiyeni tiyese mau amenewa ndi Malembo.

Njala isanagwe m'Aigupto, Yosefe analangiza Farao kuti asonkhetse limodzi la magawo asanu a dzinthu, nalisunge m'midzi. Nchito imeneyo inali ya ufumu, yocitika ndi lamulo, ndipo mwa iyo Mulungu anapulumutsa mitundu yambiri, ngakhale Yakobo ndi ana ace. Cotero wolamulira amene asungira anjala cakudya ali kugwira nchito imene Mulungu anampatsa.

Taonani za kuno ku Kafue. Fakitale ya nsalu itatsekedwa, amuna ndi akazi amene sanakanepo nchito anakhala opanda malipiro. Asodzi a mumtsinje wa Kafue amapacika maukonde ao kuyambira Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale, monga mwa lamulo, kuti nsomba ziswane. M'caka ca 2024 mvula inadula cimanga cisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Kodi onsewa anali aulesi? Iai ndithu. Paulo anadzudzula wokana nchito; sanadzudzule wosowa nchito, kapena agogo osamalira adzukulu amasiye. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Thandizo la ndalamali linayamba m'boma la Kalomo m'caka ca 2003, ndipo pambuyo pace linafalikira ku maboma onse a Zambia. Ndalamazo zicokera m'misonkho ya anthu ndi kwa abwenzi a maiko ena. Mlongo wanga wamasiye, ukalandira usacite manyazi; gula ufa ndi sopo, nuyamike Mulungu.

Koma pali ngozi. Maina a olandira ayamba kulembedwa m'midzi momwe, ndi makomiti a anthu athu, ndipo ena a iwo ndi akulu a mpingo. Mu mpingo woyamba wa ku Yerusalemu munauka madandaulo pakuti amasiye ena anali kuiwalika pa kugawa cakudya. Atumwi sanabise mlanduwo, koma anaika amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino. Inu okhala m'komiti, mukalemba mlamu wanu wa ng'ombe m'khola ndi kusiya wakhungu wa kuseri kwa mudzi, mwaba m'mbale ya wosauka, ndipo Mulungu aona. Musafunse mpingo wa munthu, cipani cace, kapena mtundu wace. Penyani kusowa kwace kokha.

Ndipo tisanene kuti popeza Boma lathandiza, ife tapumula. Boma silifolera denga la nkhalamba, silitunga madzi, siligonera wodwala. Zimenezo zatsalira inu ndi ine, caka cino conse.

Ambuye apatse olamulira athu nzeru ya Yosefe, ndi ife manja oyera. Amen.