Tsiku la 8 Malichi: Kodi Kuyamika Kokha N'kokwanira?



Pa kalendala yathu pali masiku awiri onena za amayi. Pa 15 Okutobala timakondwerera Tsiku la Anakubala, ndipo timagula chitenje kapena shuga pothokoza amene anatibereka. Pa 8 Malichi pali Tsiku la Amayi pa Dziko Lonse. Ambiri timayesa masikuwa ndi amodzi, koma chiyambi chawo n'chosiyana.

Tsiku la 8 Malichi linabadwira m'madandaulo. Mu 1910, amayi ochokera m'mayiko 17 anasonkhana ku Copenhagen, ndipo Clara Zetkin wa ku Germany anapempha kuti pakhale tsiku loti amayi azinena poyera zofuna zawo, makamaka ufulu wovota. Mu 1911 tsikuli linachitika koyamba ku Germany, Austria, Denmark ndi Switzerland. Pa 8 Malichi 1917, amayi a ku Petrograd, m'dziko la Russia, ananyanyala ntchito pofuna chakudya ndi mtendere. Patangopita masiku ochepa mfumu inatula pansi udindo, ndipo chaka chomwecho amayi analoledwa kuvota. Bungwe la United Nations linayamba kukumbukira tsikuli mu 1975.

Choncho pa Tsiku la Anakubala timati zikomo, pamene pa 8 Malichi timafunsa kuti: kodi amayi tikuwamanabe chiyani?

Wina anganene kuti nkhaniyi inatha. Dziko lathu linakhalapo ndi mtsogoleri wamayi, Joyce Banda, mu 2012. Lamulo la 2011 limaletsa kulanda chuma cha amasiye, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Izi n'zoona, ndipo tiyamike. Komabe lamulo limalembedwa ku Lilongwe, pamene chilungamo chimachitikira pakhomo.

Tiyeni tiyang'ane kuno ku Champhira. Abambo ambiri a m'boma la Mzimba ali ku Joni. Otsala ndi munda, ana ndi apongozi ndi amayi. Iwowa ndiwo amalima, amanyamula matimati kupita nawo ku Jenda, ndiponso amagonera wodwala kuchipatala. Nanga ndalama ikabwera, mawu omaliza amakhala a ndani? Mwamuna akamwalira, kodi mayi uja amakhalabe mwini munda umene wakhetsera thukuta, kapena amasanduka mlendo chifukwa anamulowola? Fizi ikaperewera, amayamba kusiya sukulu ndani?

N'zotheka kuyamika munthu tsiku lililonse koma osamufunsa maganizo ngakhale kamodzi. Kuyamika sikutitayitsa kanthu. Chilungamo chimafuna kuti wina asiye chimene anachizolowera: mpando, mawu omaliza, kapena ndalama za zokolola. N'chifukwa chake timafulumira kuimba nyimbo zotamanda amayi koma timazengereza kugawana nawo ulamuliro.

Ife Abahá'í nkhaniyi siyachilendo. Mu 1848, pa msonkhano wa ku Badasht, Táhirih anaonekera pamaso pa amuna wosaphimba nkhope, ndipo mu 1852 anaphedwa ku Tehran. Timaphunzitsidwanso kuti banja likalephera kuphunzitsa ana onse, liyambe ndi mwana wamkazi, pakuti mayi ndiye mphunzitsi woyamba wa mbadwo wotsatira. Kukhulupirira izi sikutipatsa chifukwa chonyadira. Kumangotisenzetsa udindo woti zionekere m'nyumba mwathu.

Sitikunena kuti titaye mwambo. Mwambo umene umalemekeza mayi ungathenso kumupatsa malo pabwalo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo banja limene limagwiritsa nzeru za munthu mmodzi, pamene muli awiri, limadzisaukitsa lokha.

Mafunso okambirana

1. M'banja mwathu, ndani amagamula za ndalama za zokolola, ndipo anafunsidwa ndani?
2. Pa misonkhano yathu, kodi amayi amayankhula, kapena amakhala kukhitchini mpaka nkhani itatha?
3. Pali mtsikana amene tikumudziwa yemwe wasiya sukulu? Tingachitepo chiyani limodzi mwezi uno usanathe?